Mapazi patsogolo, lupanga pambuyo: mmene akatswiri a esgrima amapambanira

Nkhani yomwe inakambidwa kwa aphunzitsi a masewera mumzinda wa Lichinga, m'chigawo cha Niassa

 

Funso lomwe lili m'mitima mwanu ndikulidziwa. Ambiri a ife sitinaligwirepo lupanga la esgrima, zida zake n'zodula ndipo zimachokera kunja, ana athu amafuna mpira. Nanga tikhalirenji pansi n'kumakamba za anthu olasana ndi malupanga ku Paris ndi ku Tokyo? Chifukwa changa ndi ichi. Mu mpira muli anthu 22, mphepo, bwalo lokumbikakumbika ndiponso mwayi, kotero timu ikagonja aliyense amapeza poloza chala. Mu esgrima muli anthu awiri okha pakanjira kamodzi, ndipo wina akalakwitsa getsi limayaka pomwepo. Ndi masewera amene amaonetsa poyera mmene munthu amagonjetsera mnzake wofanana naye mphamvu ndi liwiro. Ndipo chimene ndabwera kudzanena n'chakuti katswiri sapambana chifukwa dzanja lake n'lofulumira. Amapambana ndi mapazi, ndi kusankha nthawi, ndiponso ndi kumuchititsa mnzake chinthu chimene iye wachikonzekera kale. Lupanga limangofika kudzatsiriza ntchito yomwe yatha kale.

Tiyambe tadziwa bwalo. Ndi kanjira kotalika mamita 14, m'lifupi mwake mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri. Osewera amayamba atatalikirana mamita 4. Palibe kuzungulirana ngati ankhonya. Pali kutsogolo ndi m'mbuyo basi, ndipo ukathawa mpaka mapazi onse awiri kudutsa mzere womaliza, mnzako amapatsidwa pointi yaulere. M'ndime zochotsana, wopambana ndi amene wayamba kufika pa mapointi 15, m'zigawo zitatu za mphindi zitatuzitatu. Masewerawa akhala ali pa Olimpiki iliyonse kuyambira ku Athens mu 1896, ndipo bungwe lowayendetsa padziko lonse, FIE, linakhazikitsidwa ku Paris mu 1913.

Malupanga alipo atatu. Florete ndi lopepuka, siliposa magalamu 500. Umalasa ndi nsonga, ndipo pointi imawerengedwa ukalasa thunthu lokha, osati mikono kapena miyendo. Espada ndi lolemerapo, limafika magalamu 770. Nalonso ndi lolasira kunsonga, koma thupi lonse ndi chandamale, kuyambira chala cha kuphazi mpaka kumutu. Sabre ndi lotemera, ndipo umaloledwa kutema kuyambira m'chiuno kukwera m'mwamba. Onse atatu amalumikizidwa ndi waya ku makina oyatsa getsi. Makinawa anayamba ndi espada pa Olimpiki ya 1936, florete anatsatira mu 1956, ndipo sabre anachedwa mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Tsopano mumvetsere manambala awa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Pa espada, anthu awiri akalasana pafupifupi nthawi imodzi, onse amapatsidwa pointi, bola kusiyana kwawo kusapose gawo limodzi mwa magawo 25 a sekondi. Ukachedwa kuposa pamenepo, makina akutsekera. Koma munthu wabwinobwino, kuti diso lione chinthu, ubongo umve, dzanja liyambe kuyenda, pamapita pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Ndiye kuti zimene makina amatha kusiyanitsa n'zazifupi kasanu kuposa nthawi yomwe thupi la munthu limatenga kuti lingoyamba kuyankha. Ngakhale katswiri wa dziko lonse sangadumphe malire amenewa. Angawachepetseko pang'ono, koma ubongo ndi ubongo. Mnzako akafika pafupi moti angokuwongolera mkono n'kukulasa, ndipo iye ndiye wayamba, palibe dzanja padziko lino lomwe lingatchinge. Walasidwa usanaone n'komwe.

Choncho mukaona katswiri atatchinga lupanga lobwera ngati mphezi, musanene kuti ali ndi maso akuthwa. Dzifunseni kuti anadziwa bwanji kuti lupangalo lidzera pamenepo, ndiponso kuti anaima pati pamene mnzakeyo amanyamuka.

Pamene waima ndiye nkhani ya mpata. Aphunzitsi a esgrima amagawa mpata wa pakati pa osewera patatu. Pali wapafupi, pomwe kuwongola mkono kokha n'kokwanira. Pali wapakati, pomwe uyenera kuponya mwendo wakutsogolo patali, wam'mbuyo n'kukukankha, thupi lonse n'kutambasuka. Ndiye pali wapatali, pomwe uyenera kuyamba waponda sitepe imodzi usanatambasuke. Pa mpata wapatali mnzako ali ndi nthawi yoona ndi kuyankha. Pa wapafupi alibe. Nkhondo yonse imene mumaiona ngati kuvinavina, awiriwo akupita kutsogolo n'kubwerera, ndi yolimbirana chinthu chimodzi: ndani alowe mumpata woopsawo pa nthawi yosankha yekha, mnzake asanazindikire kuti mpata wasintha.

Njira zobera mpata n'zazing'ono moti woonera wamba saziona. Wina amaponda masitepe atatu ofanana kuti mnzake azolowere kayendedwe kake, lachinayi n'kulitalikitsa ndi chikhatho chimodzi chokha. Wina amakokera phazi lam'mbuyo pafupi ndi lakutsogolo mwakachetechete, mapewa osasuntha, kotero akatambasuka amafika patali kuposa mmene mnzake anayezera. Wina amabwerera m'mbuyo ndi masitepe aafupi dala, wothamangitsayo n'kumaganiza kuti mpata udakali womwewo pamene iye mwini akuudya. Ndipo nthawi yabwino koposa yolasira munthu ndi pamene phazi lake lakutsogolo lili m'malere akubwera kwa iwe. Phazi lomwe lanyamuka liyenera kutera. Mwini wake sangabwerere m'mbuyo lisanagunde pansi. Kanthawi kameneko n'kochepa kwambiri, koma akatswiri amakhala akukadikira mphindi yathunthu.

N'chifukwa chake kutalika kwa msinkhu sikugamula mlandu. Pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024, m'nyumba ya Grand Palais, ndime yomaliza ya espada ya amuna inali pakati pa Yannick Borel wa ku France, chimunthu chotalika pafupifupi mamita awiri, akusewera pamaso pa anthu akwawo, ndi Koki Kano wa ku Japan, wamfupi kwambiri pomuyerekeza naye. Pa lupanga lomwe woyamba kufika ndiye mwini pointi, mungayembekezere kuti wa mkono wautali atenga golide. Kano anapambana 15 kwa 9. Lee Kiefer wa ku America, mayi wa thupi laling'ono, anatenga golide wa florete ku Tokyo n'kudzatenganso ku Paris. Wamfupi ali ndi dera lomwe mnzake angamulase iye asanafike, zoona. Koma sayenera kukhala m'dera limenelo. Amaima kunja kwake, kapena amalidutsa mwakamodzi pamene wamtaliyo watambasuka n'kuphonya, ndipo akalowa mkati mkono wautali uja umasanduka katundu wovuta kupinda.

Ndikufuna tikhalitse pa mpikisano umodzi, womwe ndimauona kuti mphunzitsi aliyense wa masewera ayenera kuudziwa. Ku Rio de Janeiro mu 2016, ndime yomaliza ya espada inakumanitsa Géza Imre wa ku Hungary ndi Park Sang-young wa ku South Korea. Imre anali ndi zaka 41, anali katswiri wa dziko lonse wa 2015, ndipo mendulo yake yoyamba ya Olimpiki anaitenga ku Atlanta mu 1996, Park ali khanda losakwana chaka. Park anali ndi zaka 20, atangochira bondo lomwe anavulala chaka chapitacho. Zigoli zinafika 14 kwa 10, Imre akutsogola.

Taganizani kuti 14 kwa 10 ikutanthauzanji pa espada. Imre sankafunika kumuposa Park pa chilichonse. Ankangofunika kuti alasane nthawi imodzi, kamodzi kokha, magetsi onse awiri ayake, zigoli zikhale 15 kwa 11, basi nkhani yatha. Ndipo kupeza kulasana kotere, kwa munthu amene wagwira lupanga zaka makumi atatu, si ntchito: umangowongola mkono mnzako akamabwera. Park ankafunika kulasa kasanu motsatizana, ulendo uliwonse getsi lake lokha. Ndiye kuti ulendo uliwonse anayenera kuchita chimodzi mwa ziwiri: kuligwira lupanga la Imre ndi lake n'kulikankhira pambali polowa, kapena kufika msanga moti makina atseke Imre asanamukhudze. Anachita zimenezo kasanu, n'kupambana 15 kwa 14.

Anthu amaikamba nkhaniyi ngati ya mtima wosagonja, ndipo sindikutsutsa. Koma mtima wokha sutsekera mnzako makina. Maganizo anga ndi akuti munthu amene watsala ndi pointi imodzi amakhala pangozi yomwe saiona: amayamba kufuna kumaliza, ndipo munthu amene akufuna chinthu chimodzi n'ngosavuta kumuwerenga. Wotsalirayo amadziwa chomwe chikubwera. Wotsogolayo ndiye sadziwa, chifukwa mnzake amene madzi afika m'khosi amasiya zonse zomwe wakhala akuchita n'kuyamba zina. Inu amene mumaphunzitsa volibo kapena basiketibo mwazionapo: timu yotsala ndi pointi imodzi kuti itseke seti imayamba kuponyera mpira kwa munthu mmodzi yemweyo, ndipo adani amakhala atamudikira kale.

Apa tafika pa kuwerengana. Aphunzitsi a esgrima amaphunzitsa kuti palibe njira yopanda mankhwala ake. Wolasa molunjika amagonja kwa wotchinga n'kubwezera. Wotchingayo amagonja kwa wonamiza, amene amaonetsa ngati alasa uku, lupanga lotchinga likapita komweko iye n'kudzera kwina. Wonamizayo, popeza kunamiza kumadya nthawi, amagonja kwa womuchingamira, amene amangowongola mkono pakati pa bodzalo. Ndipo wochingamirayo amagonja kwa wolasa molunjika mosazengereza. Mwaona kuti tabwerera pomwe tinayambira. Palibe njira yoposa zonse, koma pali njira yoyenera munthu uyu pa sekondi ino. Zbigniew Czajkowski wa ku Poland, mphunzitsi wa Egon Franke amene anatenga golide wa florete ku Tokyo mu 1964, analemba zambiri pa nkhaniyi, ndipo ankatsindika kuti mayendedwe okonzekera, aja ofufuza mnzako ndi obisa cholinga chako, ndi ofunika mofanana ndi kulasa kwenikweniko.

Kufufuza kumachitika chonchi. Mapointi oyambirira, katswiri amafunsa mafunso ndi thupi. Amagogoda lupanga la mnzake pang'ono: kodi abweza, athawa, kapena alasa? Amalumphira kutsogolo theka la sitepe: kodi dzanja la mnzake lathamangira mbali iti? Munthu aliyense akadzidzimuka ali ndi komwe dzanja lake limathawira, ndipo ngakhale akatswiri sachithetseratu chizolowezi chimenechi. Ukachipeza, suchigwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Umachisunga mpaka zigoli zili 13 kwa 13.

Pamwamba pa zonsezi pali msampha umene amautcha cholinga chachiwiri. Umalasa mwadala mosafikitsa, ukudziwa kuti mnzako atchinga n'kubwezera, ndipo kubwezera kwakeko ndi kumene ukufuna, chifukwa wakonzeka kale kukutchinga n'kumulasa. Inu odziwa bawo mukuzidziwa bwino izi: umasiya dzenje poyera kuti mnzako adye mosangalala, osadziwa kuti kudyako n'kumene kukutsegulira iwe mzere wake wonse. Apa ndi pamene pali yankho la funso lija la maso akuthwa. Katswiri uja sanaone lupanga likubwera. Analiitana yekha, pamalo pomwe anasankha.

Mwa anthu onse amene anadziwa kudikira, sindikayika kutchula Valentina Vezzali wa ku Italy, amene anatenga golide wa florete katatu motsatizana, mu 2000, 2004 ndi 2008. Sanali wamphamvu kuposa anzake. Ankadziwika ndi kuchingamira: kumulola mnzake abwere, n'kumulasa pakati pa ulendo, kenako n'kuzemba kapena kutseka njira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mayi ameneyu ankadekha mpaka oonera kutopa. Koma ku London mu 2012, polimbirana mendulo ya buronzi ndi Nam Hyun-hee wa ku South Korea, anatsalira 12 kwa 8 kutatsala masekondi owerengeka. Munthu wodikira uja anasanduka wothamangitsa, anafananitsa zigoli nthawi isanathe, n'kupambana 13 kwa 12 m'mphindi yowonjezera. Kudikira kunali kusankha kwake, osati chifukwa sankatha zina.

Pa florete ndi sabre pali lamulo lina lomwe limasintha zonse. Magetsi onse awiri akayaka, sapatsidwa onse pointi ngati pa espada. Woyimbira amafunsa kuti anayamba kuukira ndani. Woyambayo ndiye mwini pointi, pokhapokha ngati mnzake anayamba watchinga lupangalo kapena kuliphonyetsa. Zikatero ufulu umasamukira kwa iye. Pa sabre zimenezi zimachitika mothamanga moti mapointi ambiri amatha m'masekondi awiri, pa mamita 4 apakati aja. Woyimbira akangolamula, onse awiri amanyamuka, ndipo m'masitepe awiri oyambawo aliyense ayenera kukhala atasankha: ndipitirire, ndiime kuti aphonye, nditchinge, kapena ndimuteme akukonzekera. Nthawi yoganiza palibe. Chomwe amachita n'kuponda sitepe yoyamba yaing'ono ndi yodekha, yooneka mofanana ulendo uliwonse, kuti maso apeze kanthawi koona pamene mnzake sakuona kanthu.

Áron Szilágyi wa ku Hungary anachita ukatswiri pa zimenezi mpaka kutenga golide katatu motsatizana: ku London anagonjetsa Diego Occhiuzzi 15 kwa 8, ku Rio Daryl Homer 15 kwa 8, ku Tokyo Luigi Samele 15 kwa 7. Kusiyana kotere pa ndime yomaliza ya Olimpiki si kwa liwiro, pakuti onsewo ndi aliwiro. Ndi kwa munthu amene akulota bwino zomwe mnzake achite kawiri pa katatu kalikonse. Komabe ku Paris, pofuna golide wachinayi, anatuluka pa mpikisano wake woyamba, atagonja 15 kwa 8 kwa Fares Arfa wa ku Canada. Amene waonetsedwa pa kanema zaka khumi ndi ziwiri amakhala buku lomwe aliyense waliwerenga.

Ndinene pano zomwe sindikondwera nazo. Lamulo la woyamba kuukira limaika mphamvu zambiri m'manja mwa woyimbira, ndipo akatswiri amaphunzira kuwerenga woyimbira monga amawerengera mdani. Pa ndime yomaliza ya florete ku Paris, Cheung Ka-long wa ku Hong Kong ndi Filippo Macchi wa ku Italy anafika 14 kwa 14. Kawiri konse magetsi anayaka, woyimbira n'kukaona kanema, n'kubwerako osapereka pointi kwa aliyense. Kachitatu anaonanso kanema n'kupereka kwa Cheung, ndipo a ku Italy anadandaula kwambiri. Ngati anthu odziwa, okhala ndi kanema woyenda pang'onopang'ono, akulephera kugwirizana, ndiye kuti lamulolo lili ndi mbali yosalongosoka. Ine ndimakonda espada pa chifukwa chimenechi, ngakhale ndikuvomereza kuti nthawi zina amatopetsa: awiri akhoza kungodikirana, mpaka FIE inachita kuika chilango kwa osewera amene atha mphindi yathunthu popanda wolasa mnzake.

Malamulo akasintha, kasewero kamasinthanso, ndipo mphunzitsi wogona amatsala. Pa sabre analetsa kuthamangira kutsogolo mopingasitsa miyendo m'zaka za m'ma 1990, osewera n'kutulukira kulumpha kwa mtundu wina. Pa florete, mu 2005 anasintha makina kuti nsonga izikhala pathupi kanthawi kotalikirapo getsi lisanayake, ndipo anthu amene ankadalira kukwapula lupanga kuti lipindike n'kukalasa kumsana anayamba kuona magetsi awo osayaka.

Munthu amene anaiganizira nkhani yonseyi mozama kuposa ambiri ndi Johan Harmenberg wa ku Sweden, katswiri wa dziko lonse wa espada mu 1977 ndiponso wa Olimpiki ku Moscow mu 1980. Ali pasukulu ya MIT ku America, iye ndi mphunzitsi wake Eric Sollee anadzifunsa funso lomwe ndikufuna mupite nalo kwanu. Anthu a ku France, Italy ndi Hungary anali ndi luso la dzanja lomwe analiphunzira kuyambira ali ana, ndipo kupikisana nawo pa luso limenelo kunali kutaya nthawi. Koma luso lililonse lili ndi zofunika zake zobisika. Wodziwa kugwira lupanga la mnzake amafunika kuti lupangalo likhale pomwe angaligwire, ndiponso kuti mpata ukhale umene anauzolowera. Ukamumana zimenezo, lupanga lako n'kulichotsa pamzere, mapazi ako n'kumadumphadumpha kuti mpata usakhazikike, luso lake lonse limakhala m'thumba. Kenako umakokera mpikisano ku chinthu chimodzi kapena ziwiri zomwe iwe umazitha kuposa wina aliyense. Anadzalemba zimenezi m'buku lotchedwa Épée 2.0. Aphunzitsi akale ananyansidwa nako kasewero kotere, ankati n'kosakongola, koma taonani espada wa lero: pafupifupi aliyense akudumphadumpha.

Mwana wanu wa nkhonya akamakakumana ndi wa ku Maputo kapena ku Beira amene ali ndi zida ndi aphunzitsi oposa athu, musamufunse kuti tingamupose bwanji pa zomwe amatha. Mufunse kuti kodi ameneyu amafunika chiyani kuti zomwe amathazo zitheke, ndipo tingamumane bwanji. Dziko lathu lili ndi anthu oti tiwaonere pa zimenezi. Alcinda Panguana ndi Rady Gramane anabwera ndi mendulo za siliva ndi buronzi kuchokera ku mpikisano wa nkhonya wa dziko lonse ku Istanbul mu 2022, ndipo nkhonya ndi mbale wake wa esgrima pa nkhani ya mpata ndi nthawi. Ngakhale Lurdes Mutola, pa mamita 800 ku Sydney mu 2000, sanatsogole kuyambira poyamba. Anadikira mpaka mzere wowongoka womaliza.

Ndipo tisaganize kuti nzeru ya ndodo ndi yachilendo kuno. Angoni a Maseko anadutsa kum'mawa kwa nyanja yathuyi popita ku Songea, n'kudzabwerera kukakhazikika ku phiri la Domwe ku Angónia, ndipo chishango ndi chibonga zikuonekabe m'manja mwa ovina ngoma. Kumwera, kumene iwo anachokera, anyamata a kubusa amamenyanabe ndi ndodo ziwiri, ina yomenyera ina yotchingira. Nelson Mandela analemba kuti anaphunzira zimenezi ali mnyamata ku Qunu. Kusiyana kwake n'kwakuti wa ndodo ziwiri akhoza kutchinga ndi kumenya nthawi imodzi, pamene wa esgrima ali ndi chida chimodzi chogwira ntchito zonse ziwiri, kotero lupanga likapita kukalasa, pakhomo patsala popanda mlonda. N'chifukwa chake mapazi amasanduka chishango chake.

Chenjezo limodzi, ndipo ndikulinena molimba. Musapatse ana ndodo zosongoka, mawaya kapena nthiti za ambulera kuti azilasana. Mu 1982, pa mpikisano wa dziko lonse ku Rome, lupanga la Matthias Behr linathyoka n'kuboola chotchinga kumaso cha Vladimir Smirnov, katswiri wa Olimpiki wa 1980, ndipo anamwalira patapita masiku angapo. Ameneyo anali atavala zida zonse za nthawi imeneyo. Imfa yake ndiyo inachititsa kuti asinthe chitsulo cha malupanga ndi kulimbitsa zovala ndi zotchinga kumaso. Popanda chotchinga kumaso chenicheni, palibe chosongoka chomwe chiyenera kuloza nkhope ya mwana.

Afirika tayamba kale kuoneka pa masewerawa. Alaaeldin Abouelkassem wa ku Egypt anatenga siliva wa florete ku London mu 2012, Inès Boubakri wa ku Tunisia buronzi ku Rio mu 2016, ndipo ku Paris Farès Ferjani wa ku Tunisia anatenga siliva wa sabre, Mohamed El-Sayed wa ku Egypt buronzi wa espada. Onsewa ndi a kumpoto. Koma kumwera kuno kuli ndi mbali yake m'mbiri imeneyi, yomwe ambiri saidziwa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a ku Italy ogwidwa ankasungidwa ku Zonderwater, pafupi ndi Pretoria ku South Africa. Mmodzi mwa iwo, Ezio Triccoli, anaphunzira esgrima m'ndende imeneyo. Atabwerera kwawo ku Jesi, tauni ya anthu pafupifupi 40,000, anayambitsa kalabu mu 1947. M'kalabu imeneyo munatuluka Stefano Cerioni, golide wa 1988, Giovanna Trillini, golide wa 1992, Vezzali uja, ndi Elisa Di Francisca, golide wa 2012. Lichinga ili ndi anthu oposa 200,000.

Sindikunena kuti mawa tiyitanitse malupanga. Ndikupempha zinthu ziwiri zomwe sizifuna metikali ngakhale imodzi. Choyamba, pabwalo la sukulu yanu lembani pansi mizere iwiri yotalika mamita 14, muike ana awiriawiri moyang'anizana, aliyense atagwira kansalu kopinda kapena sokosi. Mmodzi aloledwe masitepe awiri ndi kutambasuka kamodzi kuti akhudze chifuwa cha mnzake. Winayo abwerere m'mbuyo mokwanira kuti aphonyedwe, koma osati patali moti alephere kubwezera, chifukwa mnzake akangophonya ulendo ndi wake. Makalabu a esgrima amasewera zimenezi ndi gulovu, ndipo mphindi khumi zokha pa phunziro lililonse zidzakuonetsani mwana amene amamva mpata, kaya adzakhala goloboyi, wankhonya kapena wotchinga kumbuyo.

Chachiwiri, mipikisano ya FIE ili pa YouTube. Amene muli ndi foni ya intaneti, sankhani mpikisano umodzi wa espada, muuchepetse liwiro, muphimbe theka lakumwamba la foniyo ndi pepala kuti muziona miyendo yokha, ndipo muyese kulota kuti getsi liyaka liti ndiponso la ndani. Mukayamba kulondola, kaonetseni ana anu, ndipo tikadzakumananso mudzatiuze zomwe iwo aona.